Kalasi yojambula ya ku Matawale: phiri lidikire, yambani ndi mbaula

Ngati chimene mukufuna n'choti wina akuphunzitseni kukopera nkhope ya bwenzi lanu kuchokera pa foni kuti mukam'patse pa tsiku lake lobadwa, ndalama yanu isungeni, kalasi iyi si yanu. Mnyamata amene amaphunzitsa kumeneku salola foni patebulo, ndipo nkhope ya munthu simuikhudza mwezi woyamba wonse, ngakhale wachiwiri. Chimene amakuikirani kutsogolo ndi mbaula, lichero, ketulo yobanthuka mbali imodzi, mulu wa tomato, masilipasi odyeka kuchidendene. Inu ntchito yanu ndi kukhala pansi n'kumachiyang'ana chinthucho mpaka mutachiona. Ine ndikuti ndalamayo imapindula, koma pali zina zoti mudziwiretu musanapite, ndipo si zonse zimene zinandisangalatsa.

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina ku Chinamwali, ndipo amene anandikankhira ku kalasiyi ndi makasitomala obwera ndi sitayilo m'mutu. Mayi amafika n'kumati, “Manja atukumuke apa, koma osati kwambiri, ndiye kukhosi kutsike chonchi,” dzanja likuvina m'malere. Ukangomva ndi makutu n'kudula, tsiku lotenga chovala ndi mlandu, pamene chitenje cha mwini chadulidwa kale. Ndinkafuna ndizitha kutenga pensulo, kujambula iye akuona, n'kumufunsa kuti, “Mukunena izi?” Za ukatswiri wa zojambulajambula sizinali m'mutu mwanga, ndipo mpaka lero mulibe.

Kalasiyi imachitika Loweruka lililonse m'mawa pakhonde la nyumba ina ku Matawale. Dzina la mphunzitsiyo sindilitchula poti sanandiuze kuti ndimulengeze, koma akabaza a kumeneko mukawafunsa za nyumba imene kumalowa anthu atapanira timatabwa m'khwapa, akufikitsani. Ndi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo luso lake anakalinolera ku Chanco, kuja anakusintha kukhala University of Malawi mu 2021 koma ife a mu Zomba tikungonenabe kuti ku Chanco. Malipiro ndi a pamwezi, ndipo kwa ine amafanana ndi zimene ndimalandira ndikasoka mayunifolomu awiri a mwana wa pulayimale. Ana amalipira theka. Mutha kupereka pamanja kapena kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Satifiketi kulibe. Ndanena msanga zimenezi chifukwa kunabwera bambo wina amene funso lake loyamba linali lomwelo, ndipo atamva yankho anabwerera pageti pomwepo.

Phunziro loyamba ndi kapu, ndipo ndi msampha. Patebulo pamakhala popanda kanthu, iye n'kunena kuti aliyense ajambule kapu ya tiyi ya m'mutu mwake. Tonse, akulu ndi ana omwe, tinatulutsa chinthu chimodzi: kukamwa kozungulira, mizere iwiri yotsika, pansi mzere wowongoka, chogwirira pambali. Ndi kapu ija tinkakopera pabolodi ku pulayimale, imene aphunzitsi athu nawonso anaikopera kwa aphunzitsi awo. Kenako amatulutsa kapu yeniyeni yachitsulo, yosupuka penti m'mphepete, n'kuikweza mpaka ilingane ndi maso anu. Pamenepo kukamwa kuja sikuoneka n'komwe, kumangokhala mzere. Akamaitsitsa pang'onopang'ono kukamwako kumayamba kutseguka, poyamba kopyapyala, kenako kumanka kufufuma, ndipo kumadzazungulira kwenikweni pokhapokha mutaweramira pamwamba pake. Ndiye amafunsa kuti, “Pakati pa kukamwa ndi pansi pa kapu, chili kumunsi kwambiri kwa maso anu n'chiti?” Ndi pansi. Ndiye kuti mzere wapansi uja uyenera kupindika kuposa wa kukamwa, pamene ife tonse tinauwongola. China chimene amakonza papepala la aliyense ndi m'mbali mwa kukamwako. Ambiri timasongolamo, koma kapu ilibe ngodya, mzerewo umakhota bwinobwino n'kubwerera kuseri.

Mfundo imodzi yomweyi ndi imene imagwira ndowa, poto, mtondo, mtsuko ndi chigubu. Imagwiranso mpendero wa siketi yomwazika: munthu akaima patsogolo panu, mpenderowo uli kumunsi kwa maso anu, choncho umapindika, ndipo ukauwongola siketiyo imaoneka yodulidwa pa katoni.

Pageti pamakhala mbale ya pulasitiki. Mumaponyamo chofufutira chanu ndipo mumachitenganso pakatha ola lathunthu. Chifukwa chake n'chomveka: woyamba kumene amafufuta kuposa mmene amajambulira, ndipo akafufuta mzere wolakwika amaubwezeranso pamalo omwewo, pamene akanausiya ukanamuuza kuti wolondola udutse chakumanja kapena chakumanzere. Ola limenelo limathera pa zoyeserera zofewetsa dzanja, ndipo ina mwa izo ana amaikonda koma akuluakulu amadana nayo. Amakuphimbirani dzanja ndi katoni kuti pepala musalione, maso akhale pa chinthu, pensulo iziyenda liwiro limene diso likuyenda m'mphepete mwake, osainyamula. Sizasi yanga inatuluka mpeni wina uli kumpoto wina kummwera. Koma kasikulu ka pakati ndi kukhota kwa bowo lolowa chala chachikulu zinali zenizeni, za sizasi yanga osati ya m'buku. Kamnyamata kena katayamba kudandaula kuti izi n'zotaya nthawi, madala ena opuma usilikali amene timakhala nawo, osakonda zolankhula, anangoti, “Kuona maso a nkhono n'kudekha,” maso awo osachoka pa loko amene ankajambula.

Mbaula inandizunza mpaka mphunzitsiyo atandiletsa kujambula mbaula. “Amayi, chitsulocho chisiyeni. Jambulani mabowo okha, mpata uli pakati pa miyendo, ndi kampata kali mkati mwa chogwirira.” Zimamveka ngati nthabwala koma zimagwira ntchito. Mutu wanu unasunga kale maonekedwe a mbaula ndipo umakunamizani, pamene mpata wa pakati pa miyendo ulibe dzina, mutu sunausungepo, ndiye mumakakamizika kuuyang'ana mmene ulili. Mukamaliza mipata yonse mumapeza mbaula yaimirira yokha pakati, miyendo ili m'malo mwake. Kuyeza ndiye sikunandivute, poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, kungoti pensulo imalowa m'malo mwa tepi. Mumatambasula mkono mpaka chigongono chiwongoke, kutsinzina diso limodzi, nsonga ya pensulo pamwamba pa chinthu, chala chachikulu pamene chinthucho chathera. Kenako mumatembenuza pensulo n'kuona kuti muyezo umenewo ukulowa kangati m'lifupi. Mkono ukangopindika pang'ono muyezo wasokonekera, n'chifukwa chake mnyamatayu amayenda kumbuyo kwathu akugogoda zigongono ndi lula.

Kuyambira sabata yachitatu aliyense amabwera ndi chinthu cha kunyumba kwake, ndipo lamulo n'loti chikhale chimene mumachigwira tsiku lililonse, osati chokongoletsera pakabati. Ine ndinanyamula simbi yanga ya makala, ija ya katambala pamwamba, imene imandiwombola magetsi akazima. Dzanja langa limaipeza ngakhale mumdima, koma pepala litandifunsa kuti chogwirira chimalumikizana bwanji ndi chivundikiro, ndinayenera kuiyang'ana mwatsopano. Chogwirira chathabwa chija si chowongoka, chinadyeka pamene pamakhala chala changa chachikulu, ndipo kutsogolo kwake kunapserera n'kuda. Mabowo olowera mpweya a m'mbali amanka apyapyala ndi kuyandikana akamapita kumphuno, osati chifukwa anabooledwa choncho, koma chifukwa mphunoyo ikukhotera kutali ndi diso. Katambala kaja, kamene ndi kotsekera chivundikiro, kanapendekeka chakumanzere. M'mphepete mwa pansi posalala paja mumawala kamzere kopyapyala, poti pamapukutika ndi nsalu tsiku ndi tsiku, ndipo kamzere kameneko sukajambula ndi pensulo, umangosiya pepala loyera n'kudetsa zoyandikana nako.

Pa simbi yomweyo ndi pamene anatilowetsa mu za kuwala ndi mdima. Amakuuzani kuti mutsinzine pang'ono, maso atsale kampata, kuti tizinthu ting'onoting'ono tisowe n'kutsala madera akuda ndi owala okha. Malo akuda kuposa onse sali pa simbi ayi, ali pansi pake penipeni pamene yakhudzana ndi tebulo, ndipo mukapanda kudetsa pamenepo chinthu chimaoneka kuti chayandama. Mbali yamdima nayo siikhala yakuda yonse, kumapeto kwake imayera pang'ono chifukwa cha kuwala kobwerera kuchokera patebulo kapena pakhoma. Chionereni zimenezi ndimaziona paliponse, ngakhale patsaya la kasitomala pamene ndikumuyeza mapewa.

Chimene ndimamutamira kwambiri mnyamatayu ndi mmene amagawira ntchito kwa anthu osiyana luso pa chinthu chimodzi chomwecho. Pakhondepo pali kamnyamata ka Sitandade 6, madala a usilikali aja, namwino wina amene amabwera akuchokera ku naiti maso ali psuu, atsikana awiri a ku Chanco, ine, ndi achimwene ena amene amadyera luso lomweli, olemba zikwangwani ndi kujambula mitu ya mameto pamakoma a mababashopu. Patebulo akaika lichero, kamnyamata kamauzidwa kuti kapeze mkombero wake ndi kuya kwake basi. Ine ndimauzidwa kuti ndifufuze pamene nsungwi zolukidwa zikuonekera bwino, ndijambule pomwepo, kwinako ndikusiye diso la woonera limalize lokha, chifukwa wofuna kujambula kansungwi kalikonse amathera tsiku lonse ndipo lichero limatuluka lafulati. Achimwene a zikwangwani amalandidwa pensulo n'kupatsidwa khala, n'kuuzidwa kuti asalembe mzere wa m'mphepete ngakhale umodzi, angoika mdima pamene pali mdima.

Tsiku lina anasemphana. “Aphunzitsi, ine ndinayamba kujambula inu musanabadwe,” anatero achimwene aja. Mnyamata anayankha modekha kuti, “N'zoona achimwene, ndipo dzanja lanu limathamanga kuposa langa. Koma mitu yonse ya pa mababashopu anu ili ndi khutu limodzi lomwelo. Khutu la munthu munaliyang'ana liti komaliza?” Ife tinaseka, iwo sanaseke. Loweruka lotsatira analipo, ndipo lichero lawo la makala ndi limene linapachikidwa pakhoma.

Ntchito ya kunyumba ndi yaying'ono: chinthu chimodzi patsiku, mphindi khumi, n'kulemba deti pakona. Mthiko, chipande, makiyi, tsache, anyezi woduka pakati, chilichonse chili pafupi. Sachonga, amangotsegula kope lanu Loweruka n'kuona ngati madeti akutsatana.

Tsopano za phiri. Aliyense wobwera kumene amafuna kujambula phiri la Zomba, ndipo n'zomveka, poti lili pomwepo mukangokweza mutu, lalitali kupitirira mamita 2,000, m'mawa nkhungu ikutsetsereka m'mitengo ya paini. Mphunzitsiyu amakana. Amati phiri simungalitembenuze, simungalikweze kapena kulitsitsa, ndipo kuwala kwake kumasintha musanamalize kusongola pensulo. Wosazolowera amangobwerera ku mapiri awiri osongoka ndi dzuwa pakati a ku pulayimale aja, chonsecho phiri lathuli pamwamba pake n'potambalala. Kapu mukaiphonya mumaigwira, kuizunguliza, n'kuona pamene mwalakwitsa. Ali ndi buku lina lakutha la zithunzi za Giorgio Morandi, mzungu wa ku Bologna ku Italy amene anamwalira mu 1964, chaka chimene ife tinalandira ufulu, ndipo nthawi yambiri ya moyo wake ankajambula mabotolo, majagi ndi timabokosi ta m'chipinda mwake, akungozisuntha pang'ono. Amalitsegula wina akadandaula kuti watopa ndi ziwiya. Ine zithunzizo sizinanditenge mtima kwenikweni, mitundu yake ndi yofwifwa kwa munthu wozolowera zitenje, koma mfundo ndinaimva. Amene afika mwezi wachitatu ndi amene amatuluka nawo kukajambula chipilala cha asilikali a King's African Rifles, poti n'chowongoka ndipo sichisuntha, kenako mitengo ya ku Botanical Gardens, phiri pomalizira. Apa ndiye ndimatsutsana naye. Ana amafunika kuwalola kamodzikamodzi kujambula chimene mtima wawo ukufuna, ngakhale chituluke chokhota. Kamtsikana kena kanasiya kubwera chifukwa cha ketulo.

Pa zipangizo musawononge ndalama. Pensulo ya HB ya ana asukulu ija imakwana mwezi woyamba, kenako muonjezere 2B ndi 4B kapena 6B, basi. Zilembo zimenezi zimanena za mtima wa pensulo, umene ndi mwala wa graphite wosakaniza ndi dongo, njira imene Nicolas-Jacques Conté wa ku France anatulukira mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba moyera, amenewo ndiye ma H. Likachepa imafewa n'kumada, amenewo ndiye ma B, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti kulimba kapena kufewako kukuwonjezeka. Ma H ndi a ojambula mapulani a nyumba, pa mbaula ndi simbi alibe ntchito, amangokanda pepala. Chondiseketsa n'choti mwala umenewu ulipo pansi pathu pomwe pano, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, koma pensulo timaitanitsa kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yabwino umaiyang'ana kawiri usanaitenge. Mukapeza za ku Germany m'masitolo a mabuku, Staedtler kapena Faber-Castell, gulani imodziimodzi osati bokosi lonse, ndipo muziisongola ndi lezala, imakhalitsa.

Mphunzitsiyu amagulitsa kaphukusi kake ka oyamba kumene, mapensulo atatu opanda dzina lodziwika, chofufutira ndi kabuku ka mapepala oyera. Musagule. Awiri mwa anga anali othyokathyoka mkati, ukasongola nsonga imangogwa, usongolenso igwenso, mpaka pensulo yatha isanalembe. Nditamuuza anapepesa n'kundisinthira imodzi, koma kaphukusiko akugulitsabe.

Pepala la fotokope, lija la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala), limakwana pa zoyeserera zachangu, kungoti n'loterera ndipo 6B imanyezimirapo n'kumadetsa dzanja. Mabuku enieni ojambuliramo amakhala ndi pepala lolemera, kuyambira 120 gsm kupita m'mwamba, lokhakhala pang'ono kuti ligwire pensulo. Koma buku lodula lili ndi vuto lake, munthu amaliopa, amadikira tsiku limene adzajambule chabwino, ndipo limakhala loyera mpaka chaka chithe. Zanga zoonekako bwino zonse zili kuseri kwa makalendala akale ndi pa pepala lakhaki limene ndimadulira mapatani. Pezani kathabwa ka pulayiwudi kosanjikirapo ndi zopanira zovala ziwiri, mwamaliza.

Makala ojambulira amatiphunzitsa kupanga tokha. Si a m'thumba ophikira aja, amene ndi olimba ndipo amang'amba pepala. Mumadula timitengo ta mabulosi tonenepa ngati pensulo, kutisenda makungwa, kutiumitsa, kutithithikiza m'chitini chokhala ndi chivundikiro, kuboola kabowo kamodzi ndi msomali pachivundikiropo, n'kuika chitinicho pamoto wa mbaula. Pakabowopo pamatuluka utsi, kenako kalawi. Zikasiya mumaphula chitini ndipo simutsegula mpaka chitazizira, apo ayi mpweya ukalowa timitengoto timayaka n'kusanduka phulusa. Timatuluka takuda bii, tofewa, tofufutika ndi chala. Phunziro limeneli lokha linabweza ndalama ya kaphukusi kaja.

Loweruka lomaliza la mwezi kalasi imasamukira mumsika waukulu wa Zomba. Kumeneko palibe nthawi yokongoletsa. Amakupatsani mphindi ziwiri pa mulu wa kachewere, ziwiri pa matemba a ku Chilwa, ziwiri pa ndowa ndi mbaula zatsopano zounjikidwa kwa okhoma zitini, ndipo mumagwiritsa ntchito bolopeni kuti pasakhale zobwerera m'mbuyo. Mulu wa tomato uli ndi kamangidwe kake, atatu kapena anayi pansi, mmodzi pamwamba, ndipo ukaona zimenezo mizere yochepa imakwana. Konzekerani anthu. Pasanathe mphindi mumakhala mutazunguliridwa, wina akupumira pakhosi panu, wina akuuza mnzake kuti, “Aaa, si tomato ameneyo, ndi mazira.” Mayi wina wogulitsa nyemba, poona ndikulemba ndikuyang'ana benchi lake, anandifunsa kuti, “Asisi, ndinu a khonsolo?” Nditamuonetsa pepala anaseka n'kuyamba kukonza mulu kuti uoneke bwino. Lamulo la mphunzitsi apa ndi labwino: pemphani kaye, ndipo mugulepo kanthu pa benchi limene mwajambula. Amanyazi tsiku limeneli amavutika, moti namwino uja sabwera n'komwe.

Phunziro limene linandilowera m'thumba ndi la nsalu. Anakhoma msomali pakhoma n'kukolekapo nsalu yopanda maluwa, kenako anaikoleka pa misomali iwiri, kenako anaiponya pampando. Makwinya onse amachokera pamene nsalu yagwidwa. Pa msomali umodzi amatsika akumwazikana, pa iwiri amalendewera pakati. Ukadziwa pamene chovala chagwira thupi, paphewa, m'chiuno, pachigongono, mizere itatu kapena inayi imakwana kuonetsa ngati diresi ndi lothina kapena lomwazika. Masiku ano pambali pa makina pamakhala kope, ndipo kasitomala asanachoke amaloza yekha papepala kuti apa mutsitse, apa muchepetse. Zojambula zanga si zopachika pakhoma, kumutu ndimangoika kozungulira kopanda nkhope, koma zokangana pa tsiku lotenga zovala zachepa.

Chimene sindinkayembekezera n'choti ziwiya zomwezi ziyamba kundipatsa masitayilo. Kalukidwe ka lichero, nsungwi ikudumpha zinzake zingapo n'kulowa pansi, mzere uliwonse ukusunthira patsogolo pang'ono, ndinakatengera pachifuwa cha bulauzi ndi timizere ta nsalu ziwiri zosiyana mitundu. Mzere wa mabowo a simbi unasanduka mabatani otsika m'mbali mwa siketi akunka achepa. Palibe anandiuza kuti ndichite zimenezo, ndipo pa foni sindikanazipeza, chifukwa pa foni pali masitayilo omwewo amene telala aliyense kuyambira ku Songani mpaka ku Thondwe akukopera.

Nthawi ndiye ndi vuto. Pa uthenga amalemba kuti 8 koloko, koma kawirikawiri pensulo imakhudza pepala cha m'ma 9, iye akusakasakabe choti aike patebulo kapena akudikira ochedwa. Kwa ine Loweruka ndi tsiku la makasitomala a zaukwati ndi zinkhoswe, ola limenelo ndi ndalama. Pokhala ndi mabenchi afupiafupi opanda motsamira, ndipo amene mwapitirira zaka 40 msana udzakuuzani. Mu Juni ndi Julayi khondelo limayang'anana ndi mphepo, chiperoni chikabwera ndi kamvula kake kowaza zala zimauma ndipo pepala limanyowa lokha. Tengani juzi.

Chachikulu chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chake cholemba papepala la wophunzira. Akaona mzere wolakwika amangowerama, kutenga pensulo m'dzanja lako n'kukonza pomwepo. Dzanja lake n'labwino, ndiye chithunzi chimakongola, koma ukafika nacho kunyumba ana akamachiyamikira umadziwa kuti mbali imene akuilozayo si yako. Ndinamupempha kuti azindikonzera pa kapepala kapadera pambali, ndipo kwa ine amatero, koma kwa ana amaiwala. Akatengeka amayambanso kuthira Chingerezi cha ku koleji, mpaka madala a usilikali amagogoda benchi n'kunena kuti, “Mwana wanga, tabwerera kumudzi.” Kuyamikira nakonso n'kouma. Akakuuzani kuti “Apa mwaona,” dziwani kuti tsiku limenelo mwapambana, koma alipo ena amene amafuna mawu ochulukirapo kuti abwerenso, makamaka amene anauzidwa ali ana kuti alibe dzanja lojambula.

Ndalipira kale mwezi wamawa, umene akuti tiyamba zagalasi ndi zonyezimira: botolo la Sobo, tambula ya madzi, sipuni. Ngati mukubwera, tengani HB imodzi, lezala, kalendala yakale, kathabwa, ndi chinthu chimodzi cha kukhitchini kwanu chimene sichingasweke pa kabaza. Mwana wosakwana zaka 10 ndingati adikire kaye, maola awiri pa ketulo imodzi ndi ambiri. Za mabenchi ndamuuza kuti akapanda kupeza okhala ndi motsamira ndizibwera ndi mpando wa pamakina anga, ndipo ya wakabaza wonyamula mpandowo ndiziichotsa pa malipiro. Wati akambirana ndi kalipentala wa kuseri kwawo, amene mwana wake akufuna kulowa kalasi koma alibe ya malipiro.